Kuyamba kujambula ndi kamera ya DSLR kuno ku Dedza

DSLR ndi kamera yosintha lenzi, yokhala ndi kagalasi m'kati mwake. Kamera zambiri zotere za oyamba kumene, kaya ndi Canon kaya Nikon, zimabwera ndi lenzi ya 18-55mm, ndipo lenzi imeneyi ndi yokwanira kuphunzirira, choncho musathamangire kugula ina. Musanajambule kanthu, tchajani batire mpaka lidzaze, lowetsani memori khadi ndi kuifomata (kufufuta zonse zili m'khadimo ndi kuikonzekeretsa) m'kamera momwemo, kenako kolekani lamba m'khosi. Dzanja lamanzere lizichirikiza lenzi kunsi kwake, zigongono zili pafupi ndi nthiti, ndipo batani lojambulira muziyamba mwalidina pang'ono kuti kamera ione bwino chimene mwalozetsa, kenako n'kulimaliza modekha.

Pamwamba pa kamera pali kagudumu kosankhira kajambulidwe. Anthu ambiri amakasiya pa Auto mpaka kalekale, zomwe zimandimvetsa chisoni, pakuti ndalama zawo zonse zija zimangogwira ntchito ya foni. Pakatha masiku ochepa, kasunthireni pa Av ngati ndi Canon, kapena pa A ngati ndi Nikon. Pamenepo inu mumasankha kukula kwa kabowo kolowetsa kuwala, kamera n'kumasankha yokha liwiro lojambulira. Nambala ya f, imene imasonyeza kukula kwa kabowoko, ikakhala yaing'ono, kabowoko kamakula. Mukafuna kujambula mayi wogulitsa tomato ndi mbatata ya kachewere pamsika wa Lizulu, kokani lenzi mpaka pa 55mm, ikani f/5.6, sunthirani pafupi ndipo lozetsani m'maso mwawo. Nkhope idzaoneka bwino pamene magalimoto a mumsewu wa M1 kumbuyo kwawo adzachita chimbuuzi. Koma mukafuna phiri la Dedza lonse pamodzi ndi mitengo ya paini ya m'munsi mwake, ikani f/8 kapena f/11.

Dzuwa likamawala, ISO, yomwe ndi nambala yosonyeza mphamvu imene kamera imalandirira kuwala, ikhale pa 100. M'mawa wa mu Juni ndi Julaye, pamene chifunga chakuta boma lonse, kuwala kumachepa kwambiri ngakhale maso athu sazindikira msanga. Yang'anani nambala ya liwiro, imene imasonyeza gawo la sekondi limene kamera imalowetsa kuwala: ikafika pa 1/30 kapena 1/15, kunjenjemera kwa manja kudzaononga chithunzi, choncho kwezani ISO pa 400 kapena 800 kufikira liwiro litabwerera pa 1/60 kapena 1/125. Zinthu zothamanga, monga amuna ovina ngoma ku Ntcheu, zimafuna kuti kagudumu kaja kakhale pa Tv ngati ndi Canon kapena pa S ngati ndi Nikon, pomwe inu mumasankha nokha liwiro; ikani liwiro la 1/500 kuti mwendo womenya pansi ndi chishango zioneke zitaima.

Mdani wamkulu wa kamera yotereyi ndi fumbi, makamaka m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala. Posintha lenzi, zimitsani kamera, iweramitseni pansi, ndipo chitani zimenezi m'nyumba kapena m'galimoto yotseka mawindo. Musakhudze kagalasi ka m'kati ndi chala, ndiponso musapukute lenzi ndi chitenje kapena malaya, chifukwa mchenga wosaoneka umakanda galasi; gwiritsani ntchito kampira kouzira mpweya ndi kansalu kake kofewa.

Malo abwino oyeserera kuwala kochepa ndi ku Chongoni, kumene kuli zithunzi zakale za pamiyala zimene bungwe la UNESCO linaziika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 2006. Zambiri zili m'munsi mwa matanthwe momwe muli mthunzi, motero zimitsani fulashi, kwezani ISO, ndipo tsamirani penapake pomwe palibe zithunzi za pamiyalazo. Musazikhudze kapena kuzithira madzi pofuna kuti mitundu ioneke kwambiri.

Kaya ndi pamsika kaya pamwambo, pemphani chilolezo musanalozetse kamera kwa munthu, ndipo mukajambula muonetseni chithunzicho. Pa Gule Wamkulu, yambani mwaonana ndi amfumu kapena akuluakulu a mwambowo, ndipo akakana, bwezerani kamera m'chikwama.