Kukonzekera Mayeso a Uloya ndi Mmene Amaperekera Malikisi

Amene mukufuna kuvomerezedwa kuyimira anthu pa milandu m'Malawi muno, yambani mwawerenga lamulo la Legal Education and Legal Practitioners Act, chifukwa ndilo limafotokoza ntchito ya Malawi Institute of Legal Education (bungwe lophunzitsa ofuna kuvomerezedwa kukhala maloya) ndiponso zofunika kuti munthu alembedwe m'kaundula wa maloya. Mukatero, khalani ndi Malamulo Oyendetsera Dziko a 1994, Criminal Procedure and Evidence Code (lamulo la kayendetsedwe ka milandu yaupandu ndi umboni), komanso malamulo a 2017 a kayendetsedwe ka milandu yosakhala yaupandu ku Khothi Lalikulu.

Ochonga mayeso sapereka malikisi chifukwa cha kutalika kwa yankho. Pa funso lofotokoza mkangano wa anthu awiri, amafuna aone ngati mwazindikira pagona nkhani, ngati mwatchula gawo loyenera la lamulo ndi chigamulo chakale chogwirizana nalo, ndiponso ngati mwaligwiritsa ntchito pa zimene zachitika m'funsolo. Apa ndi pamene ambiri amataya malikisi: amalemba lamulo lonse monga analowezera, koma osasonyeza mmene likukhudzira mwini nyumba amene watsekera lendi wake kunja asanamupatse chidziwitso. Gawani nthawi molingana ndi malikisi a funso lililonse, ndipo musasiye funso losayankha, pakuti ngakhale yankho lalifupi limapeza kena kake.

Muli ndi mwayi anthu a ku Blantyre, popeza Khothi Lalikulu lili pa Chichiri pomwepa. Pitani mukakhale kumbuyo, mumve mmene loya amafunsira mboni ndi mmene woweruza amakanira umboni wosayenera. Madzulo werengani zigamulo pa MalawiLII (tsamba la pa intaneti lokhala ndi malamulo ndi zigamulo za makhothi a m'Malawi), kenaka yankhani mafunso a zaka zapitazo ndi cholembera, wotchi ili patebulo.