Ana opondana: kusamalira wamkulu khanda likabwera

Mwana wa zaka ziwiri amene dzulo anali kumsana, lero akuuzidwa kuti "ndiwe wamkulu tsopano, mpatse malo mng'ono wako." Mawu amenewa kwa iye alibe tanthauzo. Chimene akuona n'chakuti bere lapita, msana wapita, ndipo pamphasa ya amayi pagona wina. Njiru ya ana opondana imayambira pamenepa, choncho ntchito yomukonzekeretsa iyambe amayi adakali oyembekezera.

Sinthani zinthu msanga, chimodzichimodzi. Ngati mwana adzasiye kugona ndi amayi, ayambe kugona ndi achemwali ake kapena agogo kudakali miyezi itatu kuti khanda libadwe, osati usiku womwe amayi abwera kuchokera kuchipatala. Kuno ku Dedza ndi Ntcheu, June ndi July ndi miyezi yachisanu choopsa, ndiye mwana amene wachoka m'bulangete la amayi akhale ndi chofunda chakechake chokwanira. Apo ayi azibwerera usiku uliwonse, inu n'kumati ndi makani pomwe mwanayo akuthawa kuzizira.

Pamene ambiri amalakwitsa kwambiri ndi pa kuyamwa. Anthu amakhulupirira kuti mayi akaima mkaka waonongeka, motero amapaka tsabola kubere, mwana n'kumutumiza kwa agogo tsiku lomwelo. Mkaka wa mayi woyembekezera sudwalitsa mwana, ndipo ngati anamwino akusikelo sanapeze vuto pa pakatipo, akhoza kupitiriza kuyamwa. Mukafuna kumuletsa, chotsani ulendo umodzi woyamwa pa masiku angapo alionse, kuyambira ya masana, wa usiku ukhale womalizira. Pamalo pa ulendo uliwonse womwe mwachotsa paikidwe chakudya.

Mwana wa pakati pa chaka chimodzi ndi zaka ziwiri azidya katatu kapena kanayi pa tsiku, pafupifupi kapu yodzaza ya 250 ml ulendo uliwonse, kuphatikizapo kanthu kena kamodzi kapena kawiri pakati pa zakudyazo, monga nthochi kapena mbatata yophika. Phala likhale lolimba, losayoyoka pa sipuni, la mgaiwa wothira nsinjiro, soya kapena usipa wosinja. Adyere m'mbale yakeyake wamkulu ali pambali. Pa mbale ya gulu, wa zaka ziwiri amatema mbamu imodzi akuluakulu atatema zinayi, ndiwo n'kumuthera.

Dzina loti kwashiorkor, la matenda otupikana chifukwa chosowa zakudya zoyenera m'thupi, lomwe Dr Cicely Williams analilemba mu 1935 ali ku Ghana, limatanthauza matenda a mwana amene wachotsedwa kubere chifukwa cha khanda latsopano. Kwathu kuno mwana wotere akatupa miyendo timathamangira kunena kuti ndi tsempho, n'kuyamba kufunsana za makolo ake, masiku akupita. Dinikizani ndi chala chachikulu pamwamba pa mapazi onse awiri kwa masekondi atatu. Pakatsala kadzenje, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Kumeneko amamuyeza mkono ndi kumupatsa chithandizo monga chiponde.

Tsiku lobwera kuchipatala, khanda alinyamule azakhali kapena agogo, amayi alowe manja ali opanda kanthu kuti ayambe anyamula wamkuluyo. Alendo obwera kudzaona khanda muwanong'oneze kuti ayambe apereka moni kwa iye.

Masabata otsatirawo wamkuluyo akhoza kuyambanso kukodza pogona, kulankhula ngati khanda, kapena kulirira bere lomwe anasiya kale. Si kupusa, ndipo kumukwapula kumangotalikitsa vutoli. Chomwe chimathandiza ndi mphindi 10 kapena 15 tsiku lililonse zomwe ndi zake yekha, nthawi yofanana, khanda likagona. Abambo akhoza kutenga gawo limeneli: kumusambitsa, kupita naye kudimba kukathirira kabichi, kumuimbira.

Tsiku lina wamkuluyo adzatsina khanda kapena kulimenya. Apa kaleredwe ka pakhomo kamaonekera. Pakhomo pa chikwapu, mwana amaphunzira kutsina pamene amayi atembenuka, komanso kuti wamphamvu amamenya wofooka. Pakhomo polekerera, pomwe amangoseka kuti "ndi mwana, sadziwa kanthu", amabwerezanso mwamphamvu. Njira yomwe imagwira ndi yokhwima koma yachikondi. Gwirani dzanja lake, gwadani kuti maso apenyane, munene mawu ochepa: "Ayi, khanda sitimenya. Gwira chonchi, pang'onopang'ono." Kenako musonyezeni posisita phazi la khandalo. Mawu akhale omwewo tsiku lililonse, kaya akunena ndi amayi, abambo, agogo kapena amalume. Mwana wa msinkhu uwu asatsale yekha ndi khanda, ngakhale muthamangire kumjigo pafupi pomwepa.

Za kugawana musafulumire nazo. Asanakwanitse zaka zitatu, ana amaseweretsa zinthu atakhala moyandikana, aliyense zake. Kudikirana kumayamba kugwira pa zaka zitatu mpaka zinayi. Akalimbirana galimoto la mawaya, funso loti "wayamba ndani?" silithandiza, ndiponso lamulo loti wamkulu azigonja nthawi zonse limadzala chidani. Nenani kuti wina ayendetse mpaka pa nkhokwe n'kubwerera, kenako mnzake, inu muli pomwepo kuonetsetsa kuti wachiwiriyo walandiradi. Mawu ofananitsa, monga "taona mng'ono wako sakulira ngati iwe", asiyeni.

Mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri akhoza kusewera ndi khanda kapena kukutengerani thewera, koma si mlezi woti n'kumusiyira ana awiri tsiku lonse inu muli kumunda wa kachewere kapena kumsika kwa Lizulu. Sangateteze wokwawa ku mbaula kapena ku mphika wa phala, ndipo sukulu imamudutsa.

Wamkuluyo akakwana zaka zitatu, sukulu ya mkombaphala imamupatsa anzake amsinkhu wake, omwe samugonjera ngati mmene amachitira a kunyumba. Ayambe miyezi iwiri khanda lisanabadwe, kapena mudikire miyezi iwiri litabadwa, kuti asaganize kuti mwamuthamangitsa. Auzeni alezi kuti kunyumba kwabwera khanda, kuti akaluma mnzake kapena akadzikodzera adziwe gwero lake, asamuchititse manyazi pagulu.