Achinyamata athawa ku nazale, tawathawitsa ndife

Okutobala uno ndazungulira manazale a mitengo a ma CBO (mabungwe a m'midzi) m'dera langa ndipo zomwe ndaona zandiwawa. Mbande za mtangatanga, keshya ndi msangu zafota m'machubu, dothi lauma gwa, pomwe nyengo yodzala mitengo ikuyamba pa 15 Disembala. Ukafunsa komiti yankho ndi limodzi, ati achinyamata anasiya kuthirira, ana a masiku ano ndi aulesi amangofuna alawansi.

Ayi abale. Vuto ndi loti timawaitana ngati aganyu osalipidwa. Kuthira dothi m'machubu ndi iwo, kutunga madzi kudambo m'mawa ndi madzulo ndi iwo, alendo a bungwe akabwera kuvina ndi kupanga sewero ndi iwo, koma mu komiti mulibe ngakhale mmodzi, tcheya, mlembi ndi msungichuma ndi anthu omwe aja a zaka khumi zapitazo ndipo maphunziro akachitika ku boma opita ndi omwewonso. Ndiye mwana wa Fomu 4 azithirira mbande miyezi itatu asakudziwa kuti ndalama yabwera zingati, mitengo ikadzalidwa kuti, adzadula milimo ndani? Olo ndikanakhala ine ndikanapita kukayendetsa kabaza. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu oposa theka m'Malawi muno sanakwane zaka 18, koma timisonkhano tathu mumangokhala a imvi okhaokha, ndatopa nazo kunena.

Zotayika ndi zambiri: machubu, mbewu yomwe amayi anatolera m'tchire, manyowa, thukuta la mwezi wonse, chaka chathunthu m'mbali mwa mtsinje mukhalanso mbee chifukwa kufesanso pano mbande sizikula mokwanira. Bungwe lomwe linathandiza nalo likaona zouma silibweranso.

Bambo wina wolima tomato anandiimitsa panjira nkundiuza kuti, "Alangizi, mwana wanga uja pa Namondwe Freddy mu 2023 anagona kunja masiku angapo kusonkhanitsa zovala ndi ufa ndi anzake, palibe anamupatsa kobiri. Lero mukuti ndi waulesi?" Ndinasowa choyankha. Nthawi ija anawo ankapanga okha, ankawerenga okha matumba, nkukapereka okha ku kampu ya anthu okhudzidwa ndi namondweyo.

Ndiye pangani izi msanga. Pa komiti apatseni mipando iwiri kapena itatu, wina akhale mlembi chifukwa foni ndi WhatsApp amazitha ndi iwo, ndalama zikalowa pa Mpamba kapena Airtel Money muziwerenga pagulu. Agawireni chigawo chawo cha nazale, mbande zina azigulitsa za kalabu yawo. Misonkhano isamakhale tsiku la msika kapena la mpira. Amene wagwira ntchito mulembereni kalata ya umboni yodindidwa, imathandiza pofunsira ntchito, ndipo kalabuyo mukailembetse ku ofesi ya achinyamata kwa DC. Mbande zomwe zikadali ndi moyo ziikireni mthunzi wa udzu lero lomwe.