Mmene mungalembere mbiri ya mtolankhani wosaopa

Mtolankhani wolimba mtima akamwalira, nthano za iye zimachuluka kuposa zimene analemba. Wina akuuzani kuti anadzudzula nduna pamaso, wina kuti ankalembera nkhani pa bala ku Bwandilo, wina kuti anagona m'chitokosi mwezi wathunthu. Zina n'zoona, koma zambiri zinanenepa pokambidwa. Choncho yambani ndi zimene iye analemba ndi dzanja lake, anthu mudzawafunse pambuyo.

Kuno ku Lilongwe pitani kaye ku likulu la National Library Service ku City Centre mukafunse nyuzipepala zakale. Zikapereweza, ulendo wa ku Zomba ngosathawika, chifukwa lamulo limati zosindikizidwa m'dziko muno zizisungidwa ku National Archives. Musanapite, dziwani nyengo imene munthu wanuyo ankagwira ntchito. Mu ulamuliro wa Kamuzu Banda nyuzipepala zikuluzikulu zinali Daily Times ndi Malawi News, wailesi inali MBC yokha, ndipo kuyambira 1968 panali lamulo lopatsa boma mphamvu zoletsa zosindikiza. Wotsutsa wa nthawi imeneyo simumupeza akutsutsa poyera m'masamba amenewo. Ena ankalembera kunja, monga Mkwapatira Mhango, yemwe anafa pamodzi ndi a m'banja mwake nyumba yawo itaponyeredwa bomba la moto ku Lusaka mu 1989. Pambuyo pa kalata ya maepiskopi a Katolika yodzudzula boma ya pa 8 March 1992 ndi referendamu ya pa 14 June 1993, nyuzipepala zinabadwa zambiri. The Nation ya 1993 ilipobe, koma zing'onozing'ono zambiri zinafa msanga, ndipo zimenezi ndiye zimavuta kupeza zonse. Funsani atolankhani opuma ntchito, ena anasunga makope m'makatoni.

Pojambula ndi foni, jambulani tsamba lonse choyamba kuti dzina la nyuzipepala, tsiku ndi nambala ya tsamba zioneke, kenako muyandikire pa nkhaniyo. Ambiri amalakwitsa pamenepa: amajambula nkhani yokha, ndiye pakatha mwezi sadziwanso kuti inatuluka liti. Chithunzi chilichonse chipatseni dzina loyamba ndi chaka, mwezi ndi tsiku. Pepala lakale limathetheka popindika, choncho liyaleni pa tebulo, mutembenuze ndi manja awiri, osanyowetsa chala ndi malovu.

Werengani nkhani zosachepera 30 zochokera m'zaka zosiyanasiyana, osati zotchuka zokha. Mutu wa nkhani nthawi zambiri amalemba ndi mkonzi, musamuweruze nawo mwini nkhani. Ngati ankabisala m'dzina lopeka, anthu awiri amene ankagwira naye ntchito atsimikize paokhapaokha kuti analidi iye.

Mukatero ndiye mupite kwa anthu. Kubanja musangotulukira ndi foni m'manja. Dzerani kwa amalume kapena mwinimbumba, ndipo ngati maliro ngaposachedwa, dikirani. Mukakhala pansi nenani zoona: "Mayi, ndabwera kudzamva za malemu bambo, ndikufuna kulemba mbiri yawo. Mundilola ndijambule mawu anu?" Akakana, lembani m'kope. Foni muitseke netiweki kuti kuyimba kusadule zojambulazo, ndipo musapitirire ola limodzi, kuli bwino kubweranso. Kuntchito musathere pa akonzi okha. Dalaivala, wojambula zithunzi ndi wotayipa amakumbukira zimene mabwana anaiwala, monga ndime imene inachotsedwa usiku makina asanayambe kusindikiza.

Za kumangidwa zimafuna kudekha. Nthawi ya chipani chimodzi munthu ankatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, ndiye kukhoti simukapezako kanthu. Funsani kuti anasungidwa kuti, kaya ku Mikuyu, ku Dzaleka kapena ku Maula, ndi amene anali naye, kenako muwapeze amenewo. Funsaninso abale ngati anakadandaula ku National Compensation Tribunal, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi malamulo a dziko a 1994 kuti lizipereka chipepeso kwa ozunzidwa nthawi ya chipani chimodzi, chifukwa mapepala a dandaulo amakhala ndi masiku. Zikalata za boma mungazipemphe polemba kalata pansi pa lamulo la Access to Information, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020.

Mudzamva mayina a anthu amene akuti anali akazitape amene anamupereka. Popanda chikalata kapena mboni zoona ndi maso, dzina lotere musalilembe: mungaipitse munthu wosalakwa, ndipo mungasumiridwe. Koma zofooka za mtolankhaniyo musabise. Ngati ankamwa mpaka kuphonya ntchito, kapena analandirapo chipondamthengo (ndalama ya chiphuphu) kwa andale, ndipo umboni ulipo, lembani. Anthu otere sanali angelo, ndipo owerenga amene ankawadziwa adzataya chikhulupiriro pa zonse mukawayeretsa.

Za cholowa chake, pewani mawu a pamaliro akuti wasiya dzenje. Onetsani zogwirika: ndani anatengera kalembedwe kake, ndi nkhani iti inachititsa kuti boma liyankhe, ndi mawu ati amene anthu anayamba kunena. Za Raphael Tenthani, mtolankhani wa BBC yemwe anafa pa ngozi ya pamsewu mu 2015, mungaike danga lake la Muckraking pambali pa madanga a olemba amene anabwera pambuyo, muone chimene anatengako.

Musanasindikize, awerengereni abale ndime zokhudza masiku, mayina ndi mudzi wakwawo kuti akonze zolakwika. Auzeni poyambirira kuti maganizo anu pa ntchito yake akhala momwemo.