Nkhono za m'madzi: musanatole, yang'anani kumtunda kwa mtsinje

Madzi akayamba kuphwa m'mitsinje cha mu Seputembala ndi Okutobala, ana amene amapita kukawedza amabwerako ndi nkhono za zigoba ziwiri zimene amafukula m'matope. Ndi zomwe zija chigoba chake amayi oumba mbiya amasalazira dothi. Kuno kwathu si onse amadya, ena amazinyansidwa, koma m'mbali mwa nyanja ya mchere ku Mozambique ndi ku Ghana ndi ndiwo zodziwika, ndipo zilipo za m'matamanda momwe madzi a mtsinje amakumana ndi a m'nyanja. Tsono popeza ena mwa inu mwakhala mukufunsa ngati nkhonozi n'zabwino kudya, ndi bwino tikambirane.

Phindu lake lilipo ndithu. Mnofu wake uli ndi zomanga thupi, mafuta ndi ochepa, ndipo uli ndi ayironi ndi vitamini B12 wambiri, zinthu zimene thupi limafuna popanga magazi. Muli zinki. Kwa banja limene nyama limaiona pa Khirisimasi pokha, si ndiwo zoti munthu anyoze.

Vuto lili pa kadyedwe ka nkhonoyo. Siyenda mtunda ngati nsomba. Imakhazikika m'matope malo amodzi, n'kumakoka madzi usana ndi usiku, kusefa tizakudya tili m'menemo. Chilichonse chimene madziwo atenga kumtunda chimadutsa m'thupi mwake, ndipo zitsulo zapoizoni monga mtovu, mekyule ndi kadimiyamu zimatsalira mu mnofu. Nkhono yaikulu, yokalamba, imene aliyense amaithamangira, ndi imene yakhala ikusefa zaka zambiri.

Mungati zitsulozo zichokera kuti kuno kopanda migodi ikuluikulu. Taganizani za okumba golide m'maboma a Petauke, Vubwi ndi Lumezi, kuno kum'mawa kwa Zambia. Kumene wokumba amagwiritsa ntchito mekyule kuti agwire golide, madzi otsukira amabwerera mumtsinje womwewo. M'matope, tizilombo tosaoneka ndi maso timasandutsa mekyuleyo kukhala wa mtundu wina umene umalowa msanga m'nyama za m'madzi. Mu tawuni ya Chipata namo, mvula yoyamba imakokolola zonse za m'magalaji, zidutswa za mabatire a galimoto, oyilo wakuda ndi phulusa la pamtaya, n'kukazitula m'timitsinje todutsa m'makomboni.

Pa msonkhano wina mayi wachikulire anandidula mawu. "Alangizi, ine ndiwo zanga ndimawiritsa mpaka nkhuni kutha. Chingapulumuke n'chiyani mumphikamo?" Anthu anaseka, nanenso ndinaseka, koma yankho lake ndi lowawa. Moto umapha majeremusi, chitsulo sungachiphe. Kuviika m'madzi oyera usiku wonse kumathandiza kuti nkhono ilavule mchenga, koma mtovu umene walowa kale mu mnofu suchoka. Kuyanika padzuwa kapena kuwamba kumangochotsa madzi, ndiye kambale kamodzi ka zouma kamakhala ndi chitsulo chochuluka kuposa ka zaziwisi. Sichinunkha, sichiwawa pakamwa, ndipo munthu sadwala tsiku lomwelo.

Ku Minamata, m'dziko la Japan, matenda obwera ndi mekyule anadziwika mu 1956. Fakitale inkataya mekyule m'nyanja, anthu n'kumadya nsomba ndi nkhono za m'menemo. Amphaka ndi amene anayamba kudzandira ngati aledzera, kenako anthu anayamba dzanzi m'manja, kulephera kuyenda ndi kulankhula, ndipo ana ena anabadwa olumala ubongo amayi awo akuoneka abwinobwino. Pangano la mayiko loletsa mekyule, la mu 2013, linatenga dzina la mzinda umenewo. Kwathu konkuno, mgodi wa mtovu ku Kabwe unatsekedwa mu 1994 koma ana akupezekabe ndi mtovu m'magazi, ndipo mu Febuluwale 2025 damu la zinyalala za mgodi ku Chambishi litaphulika, nsomba zinafa m'mitsinje ya Mwambashi ndi Kafue.

Ndiye chitani chonchi. Musanatole, yendani kapena funsani za kumtunda. Ngati kuli otsuka golide, galaji, mtaya kapena ngalande ya m'tawuni, malowo asiyeni, ngakhale madzi akhale oyera mbee. Ndiponso pogula zouma pamsika, kaya zalowera pa malire a ku Chanida kaya a ku Mwami, funsani kumene zachokera; wogulitsa akamazengereza, gulani kapenta kapena nyemba. Amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana aang'ono asadye za malo okayikitsa ngakhale pang'ono, chifukwa ubongo umene ukukula ndi umene umaonongeka msanga.

Mukatola pamalo abwino, sankhani zapakatikati, zikuluzikulu mubwezere m'madzi kuti ziswane. Imene yayasama, igogodeni ndi chala. Ikapanda kutseka yafa kale, itayeni. Ziviikeni m'madzi oyera, mukwechese zigoba, muwiritse mpaka zitseguke, ndipo imene yakana kutseguka isalowe m'mbale. Musamadye tsiku ndi tsiku, muzisinthanitsa ndi nsinjiro, mazira ndi ndiwo zina. Ana otolawo asamakhalitse m'madzi oima, pakuti m'menemo mulinso tinkhono tina tating'ono tofalitsa likodzo.

Mukaona nsomba zikuyandama zakufa, kapena madzi asintha mtundu, musatole kalikonse. Kauzeni anduna a m'mudzi, alangizi a za nsomba a m'boma lanu kapena a ZEMA, bungwe la boma loyang'anira zachilengedwe, ndipo ziweto muzikazimwetsa kwina mpaka madziwo atapimidwa.