Mwadzipatsa sitepe 4, koma kalaliki akadwala ofesi yonse imaima

Miyezi iwiri yapitayi ndakhala ndikuyenda m'mabungwe omwe ndimawalangiza, makopaletivu, timakampani ting'onoting'ono ndi mabungwe ena othandiza anthu, poti ino ndi nyengo yomwe aliyense akudziyeza kuti chaka chayenda bwanji. Ndiye pali kanthu kamodzi kanditopetsa moti bola ndingolemba kamodzi m'malo momabwereza pamiting'i iliyonse. Pafupifupi paliponse pomwe ndafika anthu atenga fomu yoyezera kukhwima kwa bungwe, ija ya masitepe 1 mpaka 5 yomwe pachingerezi amati maturity model, akhala pansi atatu kapena anayi mu ofesi ya bwana masana amodzi okha, n'kudzichongera okha sitepe 3, ena mpaka 4. Ukafunsa kuti 4 ameneyu wachokera kuti amakutulutsira chifayilo chonenepa, chokutidwa bwino, ndondomeko zonse zilimo, yogulira katundu, yolembera anthu ntchito, yosungira ndalama, sitampa ndi siginecha tsamba lililonse. Ukatsegula masamba ake akadali omatana, chala sichinapitepo. Chikomekome cha mkuyu chenicheni.

Muyezo umenewu suyeza kunenepa kwa fayilo ayi, ndipo amene anauyambitsa ankathawa vuto lomweli. M'zaka za m'ma 1980 unduna wa zachitetezo ku America unkapereka ntchito kwa makampani olemba mapulogalamu a kompyuta, ntchito n'kumachedwa, ndalama n'kumadutsa bajeti, chonsecho papepala kampani iliyonse inkaoneka yodziwa ntchito. Ndiye a Software Engineering Institute, ku yunivesite ya Carnegie Mellon mumzinda wa Pittsburgh, anapatsidwa ntchito yopeza njira yodziwira kampani yodalirika isanapatsidwe kontirakiti. Watts Humphrey, yemwe anali atagwira zaka zambiri ku IBM, ndi amene anatsogolera, ndipo ganizo la masitepe asanu linatengera tchati chomwe Philip Crosby anatulutsa mu 1979 choyezera mmene kampani imasamalira ubwino wa zinthu zomwe ikupanga. Mu 1991 kunatuluka muyezo wawo wotchedwa Capability Maturity Model (CMM), pambuyo pake wina wokonzedwanso wotchedwa CMMI, ndipo lero miyezo yotereyi ili mbwee, ya mapulojekiti, ya chitetezo cha makompyuta, ya kasamalidwe ka antchito. Koma funso la onsewa silinasinthe: ngati mwachita bwino ntchito iyi, kodi yotsatirayo muchitanso bwino, kapena unali mwayi ndi thukuta la anthu awiri amene anagona mu ofesi?

Masitepewo mukuwadziwa, ali pafomu yanu yomweyo, sinditaya nawo nthawi. Ndingokumbutsa kuti pa 1 ntchito imatheka ndithu koma imatheka chifukwa cha ngwazi, uje akakhalapo zinthu zimayenda, akachoka zaima. Pa 2 ntchito iliyonse ili ndi pulani, mwini wake akudziwika, mukuitsata ndipo mutha kuibwereza. Pa 3 bungwe lonse likugwira mwanjira imodzi ndipo anthu anaphunzitsidwa njirayo. Pa 4 mukuyeza ndi manambala mpaka mutha kulosera kuti ntchito yakuti itenga masiku angati n'kulondola. Pa 5 mukukonza njira yeniyeniyo mosalekeza potengera manambala aja. Tsono taonani 4 ameneyo. Ndinafunsa manejala wina kuti kuchokera tsiku lomwe munthu wapempha katundu kufika tsiku lomwe katunduyo wafika pamadutsa masiku angati, anayang'ana kudenga n'kuti zimatengera. Eya zimatengera, koma amene ali pa 4 amakuuza kuti nthawi zambiri ndi masiku mwakuti, ikachedwetsetsa mwakuti, ndipo amakuonetsa pomwe analemba.

Choipa cha bodza limeneli n'choti limakugulitsani mankhwala olakwika. Bungwe lina, dzina ndisunga, linadzipatsa 4 chaka chatha, ndiye bodi inati popeza tafika apa chatsala n'kukwera pa 5 basi. Anagula pulogalamu ya kompyuta yodula yojambula matchati okongola, anaitana katswiri wakunja kudzachititsa wekishopu masiku atatu, aliyense analandira satifiketi. Pofika nthawi yolowetsa manambala mu pulogalamu ija, manambalawo kunalibe, buku la katundu wolowa ndi wotuluka linalembedwa komaliza miyezi inayi m'mbuyomo. Kenako kalaliki wa zandalama anadwala masabata atatu, malipiro a anthu owagulitsa katundu anaima onse chifukwa pasiwedi inali m'mutu mwake, malisiti ali m'thumba lake, ndipo njira yomwe amalipirira siinali ija yolembedwa mu fayilo, inali yakeyake yomwe anaipeza yekha kuti ndi yachidule. Ameneyo ndi sitepe 1 wopanda chigamba. Ndalama zomwe zinapita ku pulogalamu ndi wekishopu zikanatha kuphunzitsa munthu wachiwiri ntchito ya kalaliki uja n'kutsalako zambiri.

Ndipo sizithera pa ndalama. Antchito apansi amaona zonsezi, amadziwa kuti fayilo ija siigwira ntchito, ndiye akamva bwana akulengeza kuti tili pa 4 amangoti oho, kani masewero, ndipo tsiku lomwe mudzawafunse zoona sadzakuuzaninso. Maodita kapena opereka thandizo akabwera n'kupeza zosiyana ndi zomwe munalemba, sati munalakwitsa kuchonga, amati munabisa, ndiye amayamba kukayikira ngakhale malipoti anu abwinobwino. Koma msampha womwe umandimvetsa chisoni kwambiri ndi wa chaka chotsatira. Mukalemba 4 chaka chino, chaka chamawa olo mutagwira ntchito molimbika n'kufikadi pa 2 weniweni, mudzalemba bwanji 2? Zidzaoneka ngati mwabwerera m'mbuyo pomwe mwapita patsogolo, ndiye mudzalembanso 4, kenako 4 ndi theka, mpaka fomuyo idzasanduka mwambo wongodzazira kabati.

Chomwe chimayambitsa ndi chizolowezi chakale chija chotenga fomu iliyonse ngati mayeso a kusukulu, kuti 1 ndi kulephera 5 ndi kukhoza, ndiye munthu wamkulu ndi tayi yake sangalembe 1 pamaso pa bodi. Abale, sikelo ya kuchipatala mumakangana nayo? China ndi choti odzaza fomu ndi omwewo analemba ndondomeko, ndiye funso likati kodi bungwe lili ndi njira yogulira katundu, iwo amati eee ilipo, tinailemba tokha. Kukhalapo ndi kutsatidwa n'zosiyana. Ndatopanso ndi yankho loti tinachita kale wekishopu. Komanso kuitana dalaivala kapena wosunga katundu n'kumufunsa bwana ali pompo kuti kodi ndondomeko mumaitsata, mukuganiza kuti ayankha chiyani munthu wofuna ntchito yake? Kumene amayeza CMMI mwalamulo sizitheka kudzichongera wekha, pamabwera woyeza wovomerezeka, amaona umboni wa ntchito zenizeni, amafunsa amene amagwira ntchitoyo, ndipo zotsatira zake zimatha mphamvu pakapita zaka 3, muyezedwenso. Pa muyezo wa masitepe uja sungatenge 3 ngati zofunika za pa 2 zili zoperewera, olo mbali zina utawala bwanji. Inu simukufunika kulipira woyeza wotero, koma mtima wake ndi womwewo.

Amene anandithandiza kufotokoza bwino nkhaniyi si katswiri, ndi abambo ena achikulire, mlimi, amene ali m'bodi ya kopaletivu ina. Tili mkati mokangana za 3 kapena 4 iwo anakweza dzanja n'kuyamba nkhani yomwe tonse tinaona ngati yasochera. Akuti chaka china anasunga mbewu yooneka bwino kwabasi, yonenepa, yopanda chiboo olo chimodzi, mvula itagwa anadzala munda wonse, kudikira sabata, masabata awiri, kumera kwake apa ndi apo ngati mano a nkhalamba. Pofika pobwereza kudzala anzawo anali akupalira, ndipo chaka chimenecho anakolola zochititsa manyazi. Anakambanso za mpongozi wawo amene anawabwereka mbewu ina, za njinga yomwe inathyoka popita kukaitenga, wapampando mpaka anayamba kuyang'ana wotchi. Kenako anati, "Alangizi, kuyambira pamenepo ine sindifunsa thumba. Ndimatapa njere 100, pamwamba, pakati ndi pansi, ndimazikulunga m'chiguduli chonyowa, pakatha sabata ndimawerenga zomwe zamera. Ndiye inu ana anga, m'malo motiwerengera fayiloyo, tatapani malisiti khumi m'kabatimo tione angati amera."

Tinatapadi. Wapampando anatseka maso n'kusolola khumi a miyezi yosiyanasiyana. Ndondomeko yawo imati pogula chinthu pakhale mitengo yochokera kwa ogulitsa atatu, asaine anthu awiri, katundu akafika alembedwe m'buku. Omwe anakwanitsa zonse zitatu anali anayi okha, ndipo anayiwo anali a mwezi womwe maodita ankayembekezeka. M'chipindamo munangoti zii. Manejala anayamba kufotokoza kuti nthawi zina zinthu zimakhala zachangu, abambo aja anangoti, "Nanenso bwana mvula inali yachangu." Tsiku limenelo analemba 1 pa kagulidwe ka katundu, ndipo kunena zoona ndi miting'i yokhayo nyengo ino yomwe ndinatuluka ndili wokhutira, chifukwa titangolemba 1 anthu anayamba kulankhula, wosunga katundu anati buku lija amalisiya chifukwa lili ndi mizere khumi ndi iwiri yodzaza pomwe yofunika ndi inayi, zomwe akanatha kunena kalekale akanafunsidwa.

Pena anthu amandifunsa kuti ndiye tonse tifike pa 5? Ayi. Sitepe iliyonse ili ndi mtengo wake, nthawi yolemba, yoyeza, yophunzitsa, ndipo bungwe la anthu khumi ndi awiri likayamba kuyeza chilichonse ndi manambala lidzatha chaka likuyeza osagwira ntchito. Mbali yomwe ikalakwika bungwe lingagwe, monga ndalama kapena chitetezo cha anthu, ikwezeni. Mbali ngati kakonzedwe ka miting'i ikakhala pa 2 palibe amene afe. Ndipo sitepe yapamwamba siitanthauza kuti zomwe mukupangazo anthu akuzifuna, mutha kukhala ndi njira yaudongo yopangira chinthu chomwe palibe akugula, muyezowu sungakuuzeni zimenezo.

Zochita zake n'zachidule, ndalemba kale zambiri. Musapereke nambala imodzi ya bungwe lonse, yezani mbali iliyonse payokha, ndalama, kagulidwe, antchito, mapulojekiti, ndipo musaphatikize n'kugawa kuti 4 wa uku akwirire 1 wa uko. Pa mbali iliyonse tapani ntchito khumi zomwe zinachitika kale, asankhe munthu amene sanazigwire. Funsani ogwira ntchitoyo bwana atatuluka, ndipo musafunse kuti mumatsata ndondomeko, afunseni akuonetseni mmene anachitira ulendo watha. Funsaninso kuti uje atapanda kubwera mwezi wathunthu chingaime n'chiyani. Pomwe mukukangana pakati pa 2 ndi 3 lembani 2. Mukatero sankhani mbali ziwiri zokha, muzikweze sitepe imodzi, osati ziwiri, lembani dzina la mwini ntchitoyo ndi tsiku, pakatha miyezi isanu ndi umodzi mudzatapenso khumi ena. Ndondomeko yomwe anthu akuilambalala muifupikitse kaye musanayambe kukalipira anthu. Amene mwatumiza kale fomu ya 4 ku bodi musaing'ambe, dzazani ina ndi umboni, mukaike zonse ziwiri patebulo pamiting'i ikubwerayi ndipo wosunga katundu ndi kalaliki adzakhalepo.