Mwana wakwanitsa zaka 16, NRC aitenga bwanji ku Lusaka?

Mwafunsa za chitupa choyamba cha mwana wanu, amayi, chitupa cha unzika chija chotchedwa NRC (National Registration Card). Musamutumize yekha. Pitani naye limodzi ku ofesi ya National Registration, inuyo mutanyamula NRC yanu, chifukwa ndinu mboni yoti mwanayo ndi nzika ya Zambia.

Tengani satifiketi yake yakubadwa. Ikasowa, khadi la kusikelo limathandiza, ngakhale lachita kuthetheka. Akafunsidwa mudzi, mfumu ndi boma la makolo ake, choncho mphunzitseni asanachoke panyumba; ana obadwira ku Matero ndi ku Chawama ambiri amangoti kakasi pamenepa.

Kenako amujambula chithunzi, adinda chala. Musanatuluke, werengani dzina ndi tsiku lobadwa chilembo ndi chilembo, poti kukonzetsa pambuyo pake kumafuna afidaviti, kalata yolumbirira. Lawirani m'mamawa, mzere umatalika msanga.